Mmene Gwape Anametetsera Duwa la Malemu

Padangotero. Amene muli pafupi vomerani kuti tili tonse, amene muli patali senderani kuno, chifukwa masiku ano mawu ndimawasunga. Kale ndikatsokomola ku Dedza, nkhuku za ku Ntcheu zinkaleka kuikira. Nkhani iyi sindinachite kuimva kwa munthu. Ndinalipo ndekha, nditakhala pamwala, ndipo mwalawo mpaka lero uli ndi dzenje pamene ndinakhalapo.

M'dziko la nyama munali mfumu, dzina lake Chipembere. Mfumuyi inakakwatira kutali, kwa a Njati, ndi kumutenga mkaziyo chitengwa. Dzina lawo mayiwo anali aNangondo. Pofuna kuti mkazi wake asamakumbukire kwawo, mfumu inabzala duwa pakhomo ndi dzanja lake. Silinali duwa loimirira ayi. Linali lija loyanga pansi ngati mbatata, lophimba dothi ngati mphasa, losafa chaka ndi chaka. Eni ake ankalitcha chiyalamphasa. Linayanga, linayanga, mpaka tambala akalira mbali ino ya duwalo, a mbali inayo ankamva mawa lake. Likamasula, kufiira kwake psuu, moti njuchi zinkabwera zitatsinzina. Mfumu ili moyo, wodutsa aliyense ankabudulako nsonga n'kumapita akutafuna, mfumu osalabadira.

Kenaka mfumu inamwalira, maliro n'kuikidwa, anthu n'kuyamba kudikira m'meto. Mwambo mukuudziwa: anamfedwa amametedwa, mkazi wamasiye amasudzulidwa kuti abwerere kwawo, ndipo ufumu amalowa mwana wa mlongo wawo wa malemu. Mwanayo analipo, Chipembere wamng'ono, dzina lake Kamdidi. Akuluakulu atapita kukanena za m'meto, aNangondo anangoti, "Mtima wanga sunakonzeke."

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Mtima sunakonzeke. ANangondo anapitiriza kulamula dziko, Kamdidi anapitiriza kukhala pamthunzi akuthamangitsa ntchentche. Tsono palibe angamete namfedwa wamkulu asanamete, choncho dziko lonse linangoti yaviyavi. Mkango ankayenda mochita kumugwira dzanja chifukwa tsitsi linamutseka maso. Nkhosa ankakoka ubweya ngati ngolo. Pamsana pa Nguluwe mbalame zinamanga zisa, kuswa ana, anawo kukwatiwa pomwepo.

Lamulo loyamba la aNangondo linali la duwa.

"Duwa ili analibzala ndi dzanja lawo malemu. Wodulako ngakhale tsamba limodzi ndi ndiwo."

Fisi, kapitawo wa asilikali, anakweza dzanja. "Ndiwo za yani, Mayi?"

"Za amene wamugwira."

Kuyambira tsiku limenelo Fisi sanajombepo kuntchito.

Duwa losakhudzidwa lija linayamba kuchita zake. Mitsitsi inatalika n'kumagonerana, yakale pansi, yatsopano pamwamba. Yapansiyo inauma gwaa. Pakati panachita dazi, madazi n'kumachuluka ngati msonkhano wa madoda. Maluwa zii.

ANangondo anaitana Njovu, nduna yaikulu. Njovu anayang'ana n'kunena kuti duwali lili ndi njala. Anabweretsa manyowa, akeake, osachita kupempha kwa munthu, mulu wake woti ine ndinakwera pamwamba n'kuona mawa likubwera. Duwa linatulutsa masamba aakulu ngati malichero, koma luwa ngakhale limodzi ayi. Njovu anapatsidwa mpando wokhala ndi chotsamira, chifukwa anayesetsa.

Anaitana Mvuu, nduna yachiwiri. Mvuu anati ndi ludzu. Anathirira m'mawa, masana, madzulo, mpaka achule anasamukiramo ndi katundu. Mizu inayamba kuwola. Mvuu anayamikidwa pagulu chifukwa cha khama. Musadabwe, anthu inu. Akuluakulu sakhala ndiwo. Mphika wake kulibe.

Tsono kunali Gwape. Ameneyu sanali nduna, sanali msilikali, sanali kanthu. Anali mlesi, wakuba ndi wabodza. Kukula kwa bodza lake sindingakuyerekezereni, chifukwa ine bodza sindilidziwa. Gwape anazolowera nsonga za chiyalamphasa mfumu ili moyo, ndipo lamulo litabwera mimba yake sinamve nawo. Dzuwa likafika pamutu, Fisi akayamba kuwodzera, Gwape ankazembera kuseri kwa nkhokwe, pamene duwalo linkathera, n'kubudula msangamsanga, n'kuthawa.

Tsiku lina aNangondo akupita kukatapa chimanga anangoima njo. Kuseri kwa nkhokwe kunali maluwa, ofiira psuu, othithikana ngati a kale aja. Pambali pake panali timapazi. Fisi anatilondola, dzuwa lisanapendeke anabwera atanyamula Gwape pakhosi.

"Iwe Gwape, mapazi awa ndi ako?" anafunsa aNangondo.

"Akufanana ndi anga, Mayi. Kwathu tonse timaponda chimodzimodzi."

"Umadzatani kuseri kwa nkhokwe yanga?"

Fisi anali atayamba kale kufunsa anthu ngati wina ali ndi mchere.

"Ndimadzaimbira duwali, Mayi."

"Kuliimbira?"

"Eya, Mayi. Ndinaona kuti a Njovu alidyetsa, a Mvuu alimwetsa, koma palibe walisangalatsa. Ndiye ndikapeza mpata ndimadzaimba pang'ono. Sindimafuna kuti zidziwike. Ndine munthu wamanyazi."

ANangondo anayang'ana maluwa, n'kuyang'ana Gwape. "Chabwino. Kuyambira lero ndiwe wosamala duwa. Uliimbire lonse. Mwezi uwu ukamafa ndione maluwa bwalo lonse. Fisi azikulondera. Ukadula tsamba, ukudziwa. Ukalephera kumasulitsa..."

"Ndiwo," anamalizitsa Fisi mwaulemu.

Gwape ankadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti pamene padutsa mano ake ndi pamene pamamasula. Chifukwa chake sankachidziwa, ndipo sankachifuna. Vuto linali lakuti chopulumutsa khosi lake ndi chomwecho chimene chikanalidulitsa.

M'mawa mwake anafika pakati pa bwalo, Fisi ali pambuyo.

"Akulu," anatero Gwape, "duwa ili ndi namwali. Silivala mikanda mwamuna akuliyang'ana. Mutsinzine."

"Nanga iwe sindiwe mwamuna?"

"Ine ndine woimba. Woimba sawerengedwa."

"Ndikatsinzina uthawa."

"Mumangirire chingwe kumwendo kwangaku. Komanso nyimboyi imafuna wovomera wa mawu aakulu. Ndafufuza dziko lonse, mawu ngati anu sindinawapeze."

Fisi anali asanauzidwepo zimenezi chibadwire. Anamanga chingwe, natsinzina.

Nyimbo yake inali yotere. Inkayambira pamwamba, ndi mawu oonda, kuitana duwa ngati mtsikana wogona mochedwa, kulinyengerera kuti lidzuke, lisambe, livale mikanda yofiira alendo asanafike. Ikafika pamenepo wovomera ankalowa ndi mawu okhuthala, kubwereza dzina la duwalo mokoka. Tsono mtsogoleri ankatseka pakamwa n'kumangong'ung'udza m'mphuno, nthawi yaitali, yaitali. Fisi anati mbali yong'ung'udzayo ndiyo inamukhudza mtima. Inali mbali imene Gwape ankatafuna.

Anaimba, anadya. Anaimba, anadya. Dzuwa likupendeka mimba ya Gwape inali ngati ng'oma, maso tong'o. Atayang'ana ntchito yake anapeza kuti wameta kamalo kongokwana lichero. Ine tsiku lina ndinadya dimba lonse la mpiru ndili chiimire, podikira kuti madzi osamba m'manja abwere, koma si onse anabadwa ngati ine. Gwape anaona kuti ngakhale atapatsidwa mimba ya Mvuu, mwezi ufa iye asanafike pakati. Choipa china, kamalo kodyedwako kanali poyera, mbee, ndipo aNangondo anali akubwera. Gwape anangokhalapo, khaa.

"Wakhaliranji pa duwa la amuna anga?"

"Ndikufungatira nyimbo, Mayi. Nyimbo ili ngati dzira. Ukaiikira n'kuchokapo imasukusa."

"Iswa liti?"

"Zimatengera nyengo, Mayi."

"Fisi, waona chachilendo?"

"Palibe chimene ndaona, Mayi," anatero Fisi, ndipo sananame.

Gwape anakhala pamenepo osasuntha, kudya pomwepo, kugona pomwepo. Mwezi unakula, unadzaza, unayamba kudyeka. Tsiku lina kunadutsa Chiwala, mkulu wa oimba a ziwala, ndipo Gwape anamukodola.

"Alamu, muli ndi anthu angati?"

"Sitiwerengana. Tikayamba kuwerenga ena amakhala akubadwa."

"Bweretsani onse. Kuli phwando la masamba, koma mubwere ngati kwaya. Mudye nsonga zokha, musiye zitsa."

Kwa Fisi anati, "Akulu, mawu a anthu awiri achepa. Mawa kubwera ovomera ena. Inu mukhala wamkulu wawo. Koma kutsinzina kuli pomwepo."

Ziwala zinabwera, dzuwa linabisika, nkhuku zinalowa m'khola poyesa kwada. Zinatera m'mphepete mwa bwalo n'kudikira chizindikiro. Gwape anayamba nyimbo ija, pamwamba, kudzutsa namwali wogona mochedwa, kumuuza za mikanda yofiira. Fisi anavomera atatsinzina, mutu uli m'mwamba. Pofika pong'ung'udza, ziwala zinanola mano, phokoso lake ngati zisekese.

Phokoso limenelo ndi limene linawononga zinthu. Amayi a Nkhanga, osinja a pakhomo pa aNangondo, anamva kuti kubwalo kwakoma. Anasiya misi, namanga nsalu, nathamanga kukalulutira. Sanachite dala, anthu inu. Nkhanga ikatsegula pakamwa kuti ilulute, chiwala chili pafupi, zinazo zimachitika zokha. Analuluta, analuluta, mpaka kwaya inatha. Otsala anauluka osadyako ngakhale tsamba. Chiwala mkulu wa oimba anatsala ndi mwendo umodzi wakumbuyo. Anabwera kwa Gwape n'kunena mwaulemu kuti tsiku lina kukadzakhala phwando, asadzavutike kumuitana.

Fisi anatsegula maso. "Anzathu aja apita kuti?"

"Atengeka ndi nyimbo, akulu."

Mwezi unatsala ngati chikhadabo. Fisi anayamba kutola nkhuni n'kumaziunjika pafupi ndi Gwape, mwadongosolo, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba.

"Usadandaule, si zako," anatero. "Koma tingoyerekeza. Umakonda kuotcha kapena kufutsa?"

"Sindinaganizepo, akulu."

"Uganize. Sindifuna kukuchita zimene sukonda."

Gwape atakhala khuma anamva kanthu kakumugirigisha kumimba. Anayesa nyerere. Anasuzumira pansi pake. Kamalo kaja kanali kataphukira, biriwiri, mphukira zazifupi zonenepa, zothithikana, nsonga iliyonse ili ndi kamutu kofiira kofuna kumasula. Gwape anayang'ana mphukirazo, anayang'ana nkhuni, anayang'ana Mkango amene ankadutsa akugundagunda mitengo. Kenaka anamwetulira.

"Akulu, kauzeni Mayi kuti dzira laswa. Aitane dziko lonse."

Dziko linasonkhana, ubweya wokhawokha, moti kuti udziwe amene wakhala naye pafupi unkachita kufunsa dzina. ANangondo anakhala kutsogolo, Njovu pampando wake wotsamira, Kamdidi kumbuyo ndi ntchentche zake. Gwape anaimba nyimbo ija, koma tsiku limeneli anaitsitsa pansi, naikoka ngati ya pamaliro. Sanadzutse namwali. Anamufunsa chifukwa chake wavula mikanda, ndi amene anamuiwala pamphasa. Fisi anavomera misozi ili chuchuchu. Pong'ung'udza, Gwape anang'ung'udza pakamwa popanda kanthu, koyamba chibadwire. Atatha anadzuka, nasendera pambali.

Anthu anati, "Haa!"

ANangondo anawerama. Anaona mphukira, anaona timitu tofiira, anaonanso zitsa zakale pansi pake, zodulidwa bwinobwino. Mpweya unatuluka m'mphuno mwawo, fumbi kobo.

"Apa padulidwa. Wadula ndani?"

Fisi anagwira chingwe mwamphamvu.

"Funso labwino, Mayi," anatero Gwape. "Ine sindingadziyankhire. Tifunse amene munawaika kuti alondere. A Kapitawo, pa masiku onsewa munatsinzinapo?"

Fisi anayang'ana aNangondo, anayang'ana nyanga zawo. Kapitawo wotsinzina pantchito nayenso mphika wake ulipo.

"Ine? Kutsinzina? Ine ngakhale kuphethira ndimayamba ndapempha."

"Munaona munthu akudula duwa?"

"Sindinaone."

"Munaona ine ndikudula?"

"Ndati sindinaone!"

Gwape anagwira pakamwa, nabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. "Mayo ine. Ndiye kuti ladzimeta lokha."

Ngakhale mbalame za pamsana pa Nguluwe zinasiya kulira.

"Akuluakulu, mundikhululukire, ndine mwana," anapitiriza Gwape. "Duwa ili analibzala ndani?"

"Malemu," anayankha anthu.

"Analilera ndani?"

"Malemu."

"Chimene munthu wabzala ndi dzanja lake, nachilera pakhomo pake, si mwana wake? Tsono ife takhala tikuti likudwala. Ena alipatsa chakudya, ena madzi. Silikudwala ili. Lili pamaliro. Munaona kuti namfedwa atavala mikanda asanametedwe? Ladikira, ladikira, akulu osalimeta. Lero latopa, layamba kudzimeta lokha, ndipo pamene lametapo ndi pamene lavala. Mwana kudzimeta yekha akulu ali pomwepo! Kaya kwanu kuno mumati chiyani, koma kwathu timati malodza."

Njovu anatsokomola pampando wake. "Zimenezi ndinaziganizapo kale. Ndimadikira nthawi yabwino."

M'kati mwa mulu wa tsitsi munatuluka mawu a Mkango: "Mwanayo ametedwe. Ndipo poti mwana sameta mayi ake asanamete..." Anthu onse anayang'ana pansi, koma makutu anali kwa aNangondo.

ANangondo anakodola Gwape kuti asendere pafupi, nalankhula motsitsa, moti amene anamva ndi ine ndekha, chifukwa makutu anga amamva nyerere ikamayetsemula.

"Iwe, pakamwa pako pakununkha duwa la amuna anga."

"Ndi nyimbo, Mayi. Imatuluka ndi fungo."

ANangondo anayang'anitsitsa kamutu kofiira kamodzi kamene kanali katayamba kutseguka. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Likametedwa lonse lidzakhala chonchi?"

"Chonchi, Mayi."

"Nanga ine ndidzaliona ndili kuti? Ndikametedwa ndiye kuti ndasudzulidwa. Kwathu kulibe duwa ili."

"Zometedwazo musataye, Mayi. Kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo, mukakagoneka padothi lonyowa n'kukapondereza, kamagwira. Kwathu pakhomo zamera zambiri, zimene zinkagwa pa..." Gwape anatsokomola. "Ndinangomva kwa ena, Mayi."

ANangondo anamuyang'ana ndi diso limodzi. Kenaka anaimirira.

"Bweretsani lumo."

Lumo lake linali langa. Ndinalinola kamodzi kokha, ndipo mthunzi wake unadula nthochi. Anayamba kumetedwa aNangondo, kenaka dziko lonse pamzere. Mkango atametedwa anaona mkazi wake n'kufunsa kuti mayiwa ndi a kuti. M'ubweya wa Nkhosa munapezeka khasu limene linasowa chaka chatha, ndi mwini wake yemwe. Kamdidi, poti ndiye wolowa ufumu, anayenera kumetedwa pomalizira, ndipo anakhala pambali kudikira.

Duwa analimeta ndi mano. Mbuzi, Mbawala, Nkhosa, Mbidzi ndi onse odya msipu anandanda, Gwape ali patsogolo ngati kapitawo wa mumsewu.

"Tamverani! Uku ndi kumeta, si kudya, ngakhale zometazo muzimeza. Siyani kachitsa kotalika ngati chala. Osakanda mpaka muzu. Chosiyidwa chitsa chimaphuka, chokandidwa mpaka muzu chapita. A Mbuzi, ndikunena inu."

"Ine ndatani?"

"Simunatani, koma ndikukudziwani."

Anameta kuyambira mbali ino mpaka mbali ija. Nguluwe anakokola zouma zapansi n'kukaziotcha. Pamadazi anagonekapo zidutswa zanthete n'kupondereza ndi ziboda. Mvuu analoledwa kuthirira kamodzi, madzi a tsaya limodzi. Njovu anafunsa ngati pakufunika manyowa, ndipo anamupempha kuti akaimire patali. Amayi a Nkhanga anatolera zidutswa zabwino n'kuzimanga m'masamba a nthochi, kuti aNangondo anyamule.

Ntchito itatha bwalo linangoti mbuu, zitsa zokhazokha, ngati mutu wa mwana wa zipere. Pamenepo Fisi anakoka chingwe chija, Gwape n'kugwa chagada.

"Mwezi wafa lero," anatero Fisi. "Lamulo linati maluwa bwalo lonse. Ine ndikuona maluwa pamene panali matako ako pokha."

"Akulu, duwa likametedwa limafuna nthawi."

"Nkhuni zanga sizifuna nthawi. Zauma kale."

Anamukokera kwa aNangondo, amene anali akusenza mtolo wawo, mutu uli mbee.

"Mayi, ndiwo zija."

"Ine ndasudzulidwa, bambo. Pano ndine mlendo. Kafunseni eni mudzi." Ananyamuka osacheuka, masamba a nthochi ali pamutu.

Fisi anamukokera kwa Kamdidi. Tsono zipembere za nthawi imeneyo zinali ndi ubweya, wautali, wofika pansi, ndipo wa Kamdidi unali woposa onse. Anamvetsera mlandu akupukusa mutu pang'onopang'ono, chifukwa nzeru zake zinkayenda ngati nkhono yonyamula katundu.

"Gwape wandithandiza," anatero. "Popanda iye bwenzi ndikuthamangitsabe ntchentche. Koma lamulo ndi lamulo. Sindingayambe ufumu ndi kuphwanya lamulo la amene ndawalowa m'malo. Anthu adzati chiyani? Fisi, mutenge."

"Wawa, mfumu," anatero Gwape ali chigonere. "Mwaweruza bwino. Ufumu wayamba ndi nzeru. Ine ndikungodandaula za inu."

"Za ine?"

"Mwambo uja, wawa. Mfumu yometedwa kumene siweruza mlandu wa magazi mpaka tsitsi lake litameranso. Magazi akatuluka mfumu ili ndi mpala, ufumu umaterera, sukhala pamutu. A Njovu akudziwa."

Mwambo umenewu Gwape anaupanga pomwepo, unali usanaume n'komwe. Koma Njovu, nduna yaikulu, akananena bwanji pagulu kuti pali mwambo umene saudziwa?

"Ulipo," anatero Njovu. "Wakalekale. Ndimati ndikukumbutseni."

"Koma mfumu sinametedwe!" anakuwa Fisi. "Iweruze msanga isanamete!"

"Asanametedwe si mfumu, akulu, ndi namfedwa," anatero Gwape. "Namfedwa angapereke munthu?"

Kamdidi anaganiza mpaka thukuta. "Tsitsi silichedwa kumera," anatero pomaliza. "Fisi, sunga nkhuni zako. Likangomera, ndiwo ndi zako."

"Wawa," anatero Gwape, "poti ndine munthu wopita, ndipempheko kanthu kamodzi. Mundilole ndikumeteni ndine. Ana anga azidzanena kuti bambo wawo anagwirapo mutu wa mfumu."

Kamdidi anakhudzidwa mtima, navomera. Ndinamupatsa Gwape lumo lija ndi dzanja langali.

Pa mfumu Gwape sanasiye kachitsa. Anameta ndi lumo kuyambira pamphuno mpaka kumchira. Anabwereza mobwerera. Anatenga mwala wokwechera mapazi n'kukwecha thupi lonse, akuti kuchotsa litsiro la maliro. Anapala phulusa lamoto pamene anaotchera zouma zija n'kupaka paliponse, akuti mafuta a ufumu. Pogwira ntchitoyo ankaimba nyimbo ija, koma chamumtima, ndipo namwali wake sankamudzutsa, ankamugoneka. Atamaliza, Kamdidi ankanyezimira ngati mtsuko wonyowa.

"Kwazizira bwino," inatero mfumu.

Masiku anapita. Chiyalamphasa chinaphukira bwalo lonse, madazi anatsekeka, ndipo chinamasula kufiira koti anthu a maiko ena ankabwera ndi mitsuko kudzazima moto. Uthenga unabwera kuchokera kwa a Njati kuti zidutswa zija zagwira, ndipo aNangondo amazimeta okha maluwa akafota, osadikira kuuzidwa. Tsitsi la Mkango linamera. Ubweya wa Nkhosa unamera. Mbalame zinabwerera kwa Nguluwe kudzafunsa ngati malo aja alipobe.

M'mawa uliwonse Fisi ankafika kwa mfumu, kugwada, kuwomba m'manja.

"Wawa, ndingagwireko?"

"Gwira."

Fisi ankasisita pamutu, pamsana, kuseri kwa miyendo, kufunafuna ngakhale kachitsa kamodzi.

"Zamerako?" inkafunsa mfumu.

"Sizinamere, wawa."

"Ubwere mawa."

Chakumbali, pakati pa duwa, Gwape ankakhala akung'ung'udza m'mphuno, masaya ali tuu, chifukwa maluwa akafota namwali amafuna kumetedwanso, ndipo wometa wake ndi iyeyo. Fisi akamadutsa, Gwape ankameza n'kufunsa mwaulemu:

"Akulu, mlandu wathu uja uli pati?"

"Ukuyenda," ankatero Fisi.

Nkhuni zija chinadya chiswe. Anatola zina, nazonso chinadya. Dzulo lomweli ndakumana naye atasenza mtolo watsopano, akupita kukagwira mutu wa chipembere.

Yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaphuleni isanapserere. Yanga ndadya kale, ndipo khoko lake ndabwereka anthu awolokere mtsinje.